Mitu iwiri ya HST ndi ma Mk3 asanu zakhala panja zaka zitatu, wogula akubwera: ndiyambire pati?

Chisale

Akuluakulu, ndithandizeni msanga, zinthu zandithina. Kuno ku Britain tili ndi mitu iwiri ya Class 43, ya sitima yothamanga ya dizilo yotchedwa HST (High Speed Train), yonse ya injini za MTU, ndi makochi asanu a Mk3 a zitseko zakale zotsegula pamanja. Zakhala pa siding (njanji yapambali yoimikapo masitima) yapanja pafupifupi zaka zitatu, popanda shore supply (magetsi ochokera kunja kwa sitima), popanda wozisuntha, ma scotch (zotsekera mawilo) okha pansi. Bwana wapeza wogula wakunja amene akubwera kudzaona pakatha masabata atatu, ndiye akuti zivute zitani injini ilire mlendoyo ali pomwepo. Mbali inayi a sikirapu atchula kale mtengo wawo pa tani, mwini siding naye lenti sakhululuka.

Zimene ndapeza lero ndi izi. Mabatire onse ndi akufa, ma cell ena atupa. Mutu woyamba oyilo akuoneka bwino pa dipstick, wachiwiri oyilo wakwera kupitirira mzere ndipo watuwa ngati tiyi wamkaka. Chotchinga pa ekizozi ya wachiwiriwo chinauluka kalekale. Dizilo m'mathanki watsala pafupifupi kota. Ma pad amamatirana ndi ma disc pa makochi atatu. Mu TGS (kochi lokhala ndi chipinda cha gadi) mukununkha chinyontho, kapeti ya ku vestibule ili chonyowa. Mapepala amene ndili nawo ndi a injini okha, a ma wheelset akuti akufufuzidwa.

Ndiyambe chiyani, nditsirize chiyani, kuti mutu umodzi ulire osaupha? Nanga seti yotereyi ndi yogulitsadi yamoyo kapena ndikutaya nthawi? Za manual musandiuze, ndili nayo, ikunena za injini yosungidwa mwadongosolo, osati iyi.

Gama

A Chisale, mutu wachiwiriwo musayerekeze kuupatsa starter, bwana akalipe bwanji. Oyilo wokwera ndi wotuwa ndi madzi amenewo. Ekizozi ya 43 imatulukira padenga, ndiye mvula ya zaka zitatu yalowa mu silencer, yatsikira ku turbo, kenako m'silinda iliyonse imene valavu yake inaima yotsegula. Pisitoni ikakumana ndi madzi sabwerera madziwo, imapindika ndi con rod, nthawi zina block imaboka. Pamenepo injini yanu ya 16V4000 yasanduka chitsulo chapasikelo m'sekondi imodzi. Mwinanso ndi coolant wodutsa pa liner seal kapena pa oil cooler. Tengani sampulo pansi penipeni pa sump, mutumize ku labu, akuuzani ngati ndi mvula kapena coolant. Zotsatira zisanabwere mutuwo muuiwale, ingotchingani ekizozi lero lomwe.

Woyambawo musaukhulupirire chifukwa cha dipstick. Madzi amakhala pansi, dipstick safikako. Masulani drain plug pang'ono muone chimene chiyambe kutuluka. Kenako chotsani ma injector, mulowetse borescope (kakamera koonera mkati) m'masilinda onse 16, osati atatu okha amene ali pafupi ndi dzanja. Mukufuna kuona mzere wa dzimbiri pamene ma ring anaima. Ukakhala wongodetsa, thirani oyilo pang'ono m'silinda iliyonse, mugoneke usiku umodzi. Ukakhala wokumbika, liner yatha. Mawa lake pukusani pamanja ndi barring tool, crank izungulire kawiri kathunthu kuti valavu iliyonse itseguke ndi kutseka, ma rocker cover ali otsegula wina akuyang'ana ngati pali valavu yokakamira. Ikalimba penapake imani pomwepo. Osawonjezera paipi pa chogwirira.

Ikazungulira bwino: oyilo watsopano, mafyuluta onse atsopano, ma seal atsopano pa ma injector. Iyi ndi common rail, kafumbi kochepa kolowa m'mapaipi a high pressure kakuwonongerani injector, ndiye tsekani mabowo onse ndi ma cap pamene mukugwira. Yendetsani oyilo ndi priming pump kapena pampu yakunja mpaka geji ionetse pressure. Coolant muyese pressure, mapaipi a labala a ku cooler group muwafinye ndi dzanja limodzi ndi limodzi. MTU sifuna kulizidwa yozizira, pre-heater iyenera kugwira, kutanthauza kuti mukufunika jenereta ya 415 V three-phase pamalopo. Iitanitseni lero, masabata atatu si ambiri.

Dizilo wa m'thankiyo musamugwiritse ntchito. Thanki yotenga malita pafupifupi 4,500 yokhala ndi kota yokha, malo otsalawo akhala akupuma mpweya wachinyezi usiku ndi usana, pansi pali madzi ndi matope akuda aja. Kokerani mu diramu ya dizilo watsopano, return nayo ibwerere mu diramu momwemo.

Zimba

Achimwene, zonse anena a Gamazi ndi zoona, koma mukuvutikiranji? Dulani makochiwo, zulani ma MTU mugulitse paokha, zotsalazo zipite pasikelo. Mitu imeneyi inapangidwa yokwana 197. Makampani a sitima anaisiya: GWR (Great Western Railway) inasiya kuiyendetsa maulendo aatali a ku Paddington mu May 2019, LNER mu December chaka chomwecho, East Midlands mu 2021, CrossCountry mu 2023. Inadzaza mizere m'malo osungira ku Ely ndi ku Long Marston, ogula enieni anasankha kale yabwino, yotsala inapita ku Newport ndi ku Rotherham kukadulidwa. Seti yanu ya zitseko zamanja, yopanda mapepala a ma wheelset, ili kumapeto kwa mzere. Mitu iwiri ya matani 70 umodzi, makochi asanu a matani 33 kapena kupitirira pang'ono, ndi matani pafupifupi 300. Chulukitsani ndi mtengo wa pa tani, muwonjezere ndalama za injini, muchotse lenti ya miyezi imene mudikire mlendoyo aganize. Mupeza nokha.

Nabanda

Injini ikalira, alternator nayo yazungulira, ndipo mbali ya magetsi palibe amene waitchula. A Chisale, musanagule n'komwe mabatire kwerani muone ngati mawaya alipo. Seti yoima panja zaka zitatu mbava zamkuwa siziisiya: ma jumper a 415 V pakati pa makochi, mawaya aakulu a ku ma traction motor, ma earth bond a pa bogie. Waya wodulidwa wolendewera pa frame ndi moto umenewo mukangoliza.

Mabatire a lead-acid amene atsika mpaka kutupa sadzuka, musawononge masiku ndi charger. Bwerekani seti ya 110 V yamoyo. Musanalumikize, tsegulani cubicle, muumitse ndi heater ya mpweya wofunda masiku awiri kapena atatu, chifukwa chinyezi chimakhala pa ma card ndi m'ma relay. Yang'ananinso zisa za makoswe kuseri kwa ma terminal bar.

Yesani insulation ndi megger: main alternator, auxiliary, ndi ma traction motor onse anayi, chilichonse pachokha. Chotsani kaye rectifier ndi zamagetsi zing'onozing'ono, apo ayi 500 V ya megger ikuphereni ma diode ndi ma card amene anali amoyo. Chimene chili pansi pa 1 megohm musachipatse mphamvu, chiumitseni muyesenso, lembani manambala tsiku ndi tsiku. Akamakwera ndi chinyezi chabe, akaima pamodzimodzi insulation yapita. Ma motor ake ndi a DC, tsegulani ma cover, kwezani brush iliyonse muone ngati ikuyenda m'bokosi mwake. Brush yokakamira pa commutator yakuda ndi flashover yoyembekezera notch yoyamba.

Ngati cholinga ndi choti mlendo amve injini, ilire pa idle basi, ma motor ali isolated. Bwana asakunyengerereni kuti muisunthe ndi mphamvu yake "pang'ono pokha".

Tembo

Pepani akuluakulu, ine ndili kumudzi kuno. Zinthu zimenezi zikudulidwa chonchi, sizingabwere kuno zizidzayenda Limbe mpaka Nayuchi? Makochi okhala ndi air con otayidwa, ife tikusowa.

Gama

A Tembo, mtima ndi womwewo kwa tonsefe, koma njanji yathu ndi 1,067 mm, ya Zambia ndi ya ku Nacala chimodzimodzi, HST ndi 1,435 mm. Si nkhani yongofinya mawilo pa axle. Pa mutu, pakati pa mawilo pali gearbox ndi drive ya motor, malo palibe, mukufunika ma bogie atsopano, ndipo mtengo wake upitirira wa seti yonse. Chachiwiri, gearing yake ndi ya 200 km pa ola. Continuous rating ili cha m'ma 100 km pa ola, ndiye mukamaikwezetsa mitunda nthawi yaitali pa 30 kapena 40 ili pa notch yapamwamba, ma motor amapsa. Chachitatu, makochi a HST amadya 415 V three-phase yochokera ku mutu wake womwe, simungawakoke ndi mutu wina n'kuyembekeza magetsi ndi air con popanda generator van. N'chifukwa chake zimene zinatuluka zinapita kumene kuli standard gauge: ku Mexico pa njanji ya Tehuantepec, Coatzacoalcos mpaka Salina Cruz, imene inayamba kunyamula anthu mu December 2023, ndi ku Lagos.

A Chisale, zomwezi mumufunse wogula wanuyo: liwiro la njanji yake, mitunda, kutentha. A ku Australia popanga sitima yawo ya XPT kuchokera pa HST yomweyi anatsitsa mphamvu ya injini kuchoka pa 2,250 hp kufika cha pa 2,000, anakulitsa zoziziritsira ndi zosefera fumbi. Cooler group yopangidwira nyengo ya ku Britain, yomwenso yakhala ikudyeka zaka zitatu, sikachedwa kuwira kumalo otentha.

Mvula

Nonse mwathamangira ku zitsulo, chimene chimaimitsa malonda otere ndi pepala. Bambo Chisale, bwana wanu akudziwa kusiyana kwa katundu wogwiritsidwapo ntchito ndi zinyalala? Chinthu chimene sichigwira ntchito, popanda umboni woti chinayesedwa ndipo chikagwira kumene chikupita, Environment Agency ikhoza kuchiona ngati zinyalala. Zikatero malamulo ake ndi ena, a notification, ndipo zinyalala zoopsa zochokera ku UK sizololedwa kupita ku dziko limene silili mu OECD, bungwe la mayiko la zachuma. Mexico ili mu OECD, Nigeria mulibe. Mutu wachiwiri uja, wokhala ndi madzi mu sump ndi mabatire otupa, mukaulemba kuti ndi "spares" pa invoice musadabwe ukaima padoko, storage ikuwerengedwa tsiku ndi tsiku. Choncho chilichonse chimene muyese mulembe: tsiku, manambala a megger, zotsatira za labu, zithunzi za borescope. Fayilo imeneyo ndi imene mukugulitsa kuposa phokoso la injini.

Kenako asbestos. Izi ndi zomangidwa pakati pa 1975 ndi 1982. Musaganize, funani register ya kochi lililonse ndi mutu uliwonse, ikasowa itanani wa survey. Amayang'ana magasiketi akale, ma arc chute, zotchingira kutentha, ndi zobisika kuseri kwa ma heater. Kugulitsa chinthu chokhala ndi asbestos ndi koletsedwa pa REACH (lamulo la makemikolo), ORR (bungwe loyang'anira njanji) ili ndi exemption ya zinthu zakale za njanji koma ili ndi zofunika zake, chachikulu n'choti wolandira adziwitsidwe polemba pamene pali asbestosyo. Ngakhale a sikirapu adzafunsa pepala lomweli asanayatse moto wodulira.

Chomaliza, zinthu zonse zili m'cab ndi za bwana wanu? GSM-R (wailesi), OTMR (chojambula data ya ulendo), TPWS (chitetezo choimitsa sitima), ndi ATP (chitetezo china chotere) ngati mituyo inachokera ku Great Western. Werengani contract imene anagulira. Zina zimayenera kubwezedwa kapena kufufutidwa data zisanatuluke.

Zimba

Mwamva a Mvula? Survey, labu, jenereta, mabatire obwereka, oyilo, mafyuluta, ma seal 16. Zonsezo ndalama zotuluka wogula asanasaine kanthu. Injini ya MTU ya Series 4000 ili m'majenereta, m'maboti, m'malole a m'migodi, ma head, ma turbo, crank ndi ma injector zili ndi msika mawa lomwe. Kochi la Mk3 lodya dzimbiri lili ndi msika uti? Dulani.

Chisale

Zikomo nonse. Drain plug ya woyamba yatulutsa madzi osakwana kapu, kenako oyilo. Borescope: masilinda 14 ali bwino, awiri a B bank ali ndi mzere koma chikhadabo cha probe sichikukodwa. Yazungulira kawiri pamanja popanda kulimba. Megger motor nambala 3 ikupereka 0.4, enawo ali pamwamba pa 5. Ma jumper a 415 awiri kulibe, adulidwa ndi sowo. Sampulo yapita.

A Zimba, ndamva, koma wodula chigamulo si ine. Tsopano bwana wabwera ndi ina: akuti wogula akavomera, tizikoke panjanji mpaka kudoko chifukwa malole ndi odula. Zitheka ndi mabuleki ali chonchiwa? Ndani anayendetsapo seti yakufa posachedwa, akufuna chiyani masiku ano?

Kachingwe

Panjanji popanda mapepala a ma wheelset, iwalani. Kampani iliyonse yokoka idzafuna fitness to run exam, ndipo woyesayo adzafunsa tsiku la UAT (kuyesa ming'alu ndi ultrasound) yomaliza ya axle iliyonse, zaka za ma bearing, ndi ngati mitu ndi makochiwo zikadali zolembedwa m'kaundula wa masitima. Nambala za ma axle zili pa zitsulo pomwepo, zikopereni zonse 28, mufunse kwa mwini wakale kapena depoti imene inkazisamala. Mbiri ikasowa, UAT yatsopano pa axle iliyonse, ndipo imafunika malo ogwirirapo bwino, osati pa ballast pali udzu.

Ma bearing ndiye amandiopsa kuposa ma pad. Wilo likaima malo amodzi zaka zitatu, girisi amathawa pamene roller yagunda, ndiye ngati pafupi pakudutsa masitima ena, kanjenjemera kaja kamasindikiza timizere pa race. Poyang'ana kunja simuona kanthu, hot box (bearing yotentha mopitirira) imadzabwera muli pa main line, ndipo delay minutes zake bwana wanu adzalakalaka malole aja. Kwezani axlebox ndi jeki, zungulitsani wilo pamanja, khutu ndi dzanja zili pa bokosi. Likamagunda mwa apo ndi apo, latha.

Ma pad omamatira musawakoke ndi shunter kuti athothoke okha, mupanga ma flat kapena kung'amba pad pa holder. Tulutsani mpweya, bwezani slack adjuster, menyani holder ndi hamala ya labala, chotsani pad, palani disc. Ma distributor ndi ma brake cylinder ali ndi labala mkati amene wauma. Ikani kompresa yakunja yokhala ndi drier, brake pipe 5 bar, main res pipe 7 bar, yesani leakage kochi limodzi limodzi musanalumikize onse. BT10, bogie ya makochiwa, ili ndi ma air bag, akhala ophwa nthawi yonseyi atakhalira pa ma stop. Akakana kudzaza kapena levelling valve ikakakamira, liwiro lololedwa limatsika kwambiri, path yake imavuta kupeza.

Kukoka kwake: makochi a HST alibe ma buffer, ndi buckeye yokha, ndipo mphuno ya mutu ilibe ma buffer pokhapokha ngati uli umodzi wa isanu ndi itatu ija imene inaikidwa ma buffer kumapeto kwa ma 1980 kuti igwire ndi Class 91. Ndiye mukufunika ma barrier vehicle (makochi olumikizira pakati) kapena mitu ina ya HST yamoyo. Emergency bar ija ndi yopulumutsira sitima yofera panjira, musaiwerengere ulendo wa kudoko.

Pamsewu: mutu wa matani 70 kuphatikiza lole ndi trailer mwadutsa 80, ndiye STGO Category 3 pa malamulo a katundu wolemera pamsewu, masiku asanu ogwira ntchito kudziwitsa a misewu ndi milatho, awiri apolisi, kudzera pa webusaiti ya ESDAL. Kochi ndi lopepuka koma ndi mamita 23, apolisi adziwitsidwebe. Chimene anthu amaiwala: pa siding yanupo pali malo owongoka okwana lole, ramp ndi kochi, pansi polimba? Ngati palibe, muyenerabe kuzisuntha mpaka pamene pali malo okwezera pa lole, ndiye ma pad omamatirawo muwamasulebe.

Nasibeko

Kapeti yonyowa ya mu TGS ija ndiyo yankho la funso lanu lachiwiri, achimwene, ndipo palibe amene waifunsa. Mk3 ndi monocoque, khungu ndi mafupa zimanyamulira limodzi, si bokosi lokhala pa chassis yolimba. Dzimbiri likadya malo olakwika, si nkhani ya filler ndi penti. Vundukulani kapeti ndi pansi pa vestibule zonse ziwiri. Onani pansi pa chimbudzi, m'munsi mwa mizati ya zitseko pamene madzi a droplight amatsikira, m'mphepete mwa mawindo, pa ma gutter ndi pozungulira thanki ya madzi padenga, ndiponso ma collision pillar a ku gangway. Gogodani ndi kahamala kosongoka, pamene pakulira mogontha yesani ndi thickness gauge. Penti yotupa ngati chithuza pansi pa windo ndi chizindikiro choti mkati mwadyeka kale kuposa kunja.

Kumbukirani za Doncaster pamene ankaika zitseko zamagetsi pa ma Mk3 a ScotRail, GWR ndi CrossCountry. Ntchito inachedwa kwambiri, ndipo chimodzi mwa zifukwa chinali dzimbiri limene linkapezeka akang'amba, mpaka ScotRail inayamba kuyendetsa maseti osakonzedwa podikira. Amenewo anali makochi ochokera pantchito, osati ogona panja. Anuwa zitseko ndi zamanja, zimbudzi mwina zikadali zotayira panjanji, ku Britain malamulo a anthu olumala anawatsekera njira kuyambira 1 January 2020. Ogula ndi akunja kapena osunga zakale basi.

Ndipo wogulayo auzidwe zoona. Lipoti la RAIB (bungwe lofufuza ngozi za njanji) la ngozi ya ku Carmont ya 12 August 2020, imene inapha anthu atatu, linanena poyera kuti HST inamangidwa miyezo ya masiku ano ya kulimba pangozi isanabwere. Kochi lakale lomwenso mizati yake yadyeka, kukanyamula anthu kwina, dzina losaina pepala la condition likhala lanu, osati la bwana.

Ine ndikanati yesani onse asanu, awiri abwino muwasunge, atatu apereke zida. Air con musaiyatse kuti mlendo amve kuzizira, ma module akhala nthawi yaitali, gasi mwina anathawa, kompresa ipsa.

Zimba

Mayi Nasibeko anena bwino, angolakwitsa nambala. Osati atatu, onse asanu.

Mvula

A Zimba, kudula nako si kungoitana lole. Mtengo wa pa tani umene anapatsidwawo afunse ngati ndi wofikitsa pageti pawo kapena wodzatenga okha, chifukwa malole asanu ndi awiri a abnormal load akhoza kudya phindu lonse. Afunsenso zochotsera: mphuno ya mutu ndi fibreglass, mipando, magalasi, matabwa apansi ndi insulation si chitsulo, amadula pa kulemera kapena kulipiritsa kutaya. Zisananyamuke, dizilo, oyilo ndi coolant zikhetsedwe, mabatire atuluke, zonsezo ndi consignment note ya hazardous waste. Gasi wa air con achotsedwe ndi munthu wa satifiketi ya F-gas. Mabotolo ozimira moto a mu engine room achotsedwe ndi odziwa, ma air reservoir atsegulidwe, wodula ndi moto asakumane ndi chinthu chopanikizidwa. Ku England ndi Wales lamulo la 2013 linaletsa kugula sikirapu ndi kashi, wina akabwera ndi chikwama mudziwe kuti laisensi alibe, ndipo duty of care imatsalira kwa inu ngati zinthuzo zikatayidwa kolakwika.

Injini ya MTU ya mtundu wa R41 nayo musaiwerengere mtengo wa jenereta. Ndi ya njanji, ma control ake ndi ena, wogula amafuna maola ake kuchokera pa overhaul yomaliza. Ikakhala pafupi ndi overhaul yaikulu, akugula ngati core, injini yakale yoti akaimangenso.

Zimba

Core yomweyo ikuposa kochi. Ndipo musanadule zulani zoyenda malonda: ma wheelset a nyama yambiri, ma disc, ma damper, ma WSP rack (zoteteza mawilo kuti asaterereke), ma distributor, ma buckeye, magalasi a cab. ScotRail, sitima yoyeza njanji ya Network Rail, ndi magulu ngati 125 Group onse amadya zida zomwezi, ndipo fakitale yake kulibenso. Seti yathunthu mugulitsa kamodzi kwa munthu mmodzi amene mwina sabweranso. Zida mugulitsa kwa anthu khumi.

Gama

Motor nambala 3 pa 0.4 musaitaye msanga, a Chisale. Tsegulani ma cover onse, pukutani fumbi la kaboni pa ma insulator a brush gear, chifukwa fumbi lonyowa lokhalo limatsitsa nambala. Lowetsani mpweya wofunda ku duct ya blower, osati moto wa gasi, umawonjezera chinyezi. Yesaninso pakatha maola 48. Chotsaninso mawaya ake muyese motor payokha, mwina vuto lili mu connection box momwe mwalowa madzi.

Masilinda awiri a B bank aja muwalembe mu lipoti ndi zithunzi. Ikalira, musaisiye pa idle maola ambiri kuti muonetse anthu, injini yopanda katundu imasalaza ma liner ndi kutaya oyilo ku ekizozi. Mphindi zokwana kuti itenthe, muone pressure ya oyilo, crankcase pressure ndi ma fault code, muzimitse. Pakhale munthu pa emergency stop ndi chozimira moto m'manja, chifukwa silencer yokhala nthawi yaitali imakhala ndi masamba ndi zisa za mbalame.

Malonda akachedwa, musabwerezenso kusunga kotere. Thanki ikhale yodzaza ndi biocide kapena yokhetsedwa kotheratu, osati kota. Ekizozi ndi intake zomatidwa, mabatire ochotsedwa, mabuleki omasula ma scotch ali pansi, ndipo mwezi uliwonse musunthe mamita angapo. Lembani choko pa wilo kuti lisaimenso pamene linaima.

Tembo

Koma kunena zoona, MTU imeneyi ilibe mawu. Valenta ija, injini yakale ya HST, pochoka pa siteshoni inkalira mpaka m'chifuwa.

Kachingwe

Inkalira, inkamwanso oyilo ndi kufuka utsi, n'chifukwa chake inachotsedwa kuyambira 2005. Koma mbiri ndi yake: 148 mph, ndiye 238 km pa ola, pa 1 November 1987, pakati pa Northallerton ndi York, ndipo ndi imene imawerengedwabe pa masitima a dizilo. Ku Britain a East Midlands okha ndi amene anapitiriza ndi VP185, injini ina yolowa m'malo mwa Valenta, ena atasinthira ku MTU. Mwayi wa a Chisale ndi woti yawo ndi MTU, ikanakhala VP185 ndikanagwirizana ndi a Zimba, zida zake kunja n'zovuta kupeza. Wofuna kuona mutu woyamba mwa 197 ija, 43002 uli ku museum ya ku York.

Nabanda

A Chisale, ma jumper awiri odulidwawo, ma receptacle ake atsala kapena anazula zonse? Ngati anadulira mkati mwa conduit, musaike 415 pa kochi limenelo ngakhale kuchokera pa jenereta, yesani kaye phase ndi phase, phase ndi earth. Ndipo 36-way, jumper ya ma control, muione ma pin, amachita ndere zobiriwira.

Zimba

Mitu yonse iwiri ili ndi ma emergency bar ake? Ngati bwana wanu aganiza zodula, mundiuze zisanakwere lole, pali anthu akufuna awiri, ndi ma WSP probe ngati ali amoyo.